FUNSANI ACHIPATALA: Magazi akamangotha ngakhale athiridwe kangati

Mwezi uno makalata angapo ochokera ku Mzuzu ndi maboma ozungulira akufunsa za nthenda imodzi yomwe ilibe dzina m'Chichewa, aplastic anemia, pamene mafuta a m'mafupa afooka n'kuleka kupanga magazi. Tawaika pamodzi, tawafupikitsa, ndipo mayina tachotsa.

Adokotala, mwana wanga wamkazi wa zaka 14 amuthira magazi katatu m'miyezi iwiri. Akamuthira amachangamuka, koma pakatha milungu itatu m'manja mwayeranso mbuu. Kamfuno sakutha, ndipo m'miyendo mwatuluka timadontho tofiira. Mapiritsi owonjezera magazi wamwa, chidede ndi masamba a mapeyala ndawiritsa mpaka kutopa. Tsopano akuti ndi aplastic anemia. Anzanga akuti alipo akumupopa usiku. Magaziwa akupita kuti? — Mayi wa ku Chibavi

Pepani mayi ndi matendawa. Palibe amene akumupopa mwana wanu. Magazi ake akutha pa nthawi yake monga amathera mwa munthu aliyense, koma kumene kumachokera atsopano kwaima.

Mukaswa fupa la ng'ombe mumapeza mafuta mkati. Mwa munthu, mafuta a m'mafupa a m'chiuno, msana, nthiti ndi pachifuwa ndiwo nazale ya magazi. M'menemo muli maselo ochepa omwe ali ngati mbewu, ndipo mbewu imeneyi imabala mitundu itatu. Maselo ofiira amanyamula mpweya. Amakhala masiku pafupifupi 120, ndipo thupi limapanga atsopano oposa 2 miliyoni pa sekondi iliyonse. Maselo oyera ndi asilikali aja mumamva. Gulu lawo lolimbana ndi mabakiteriya, maneutrophil, silikhalitsa m'magazi, tsiku limodzi n'lambiri. Achitatu ndi maplatelet, otseka pobooka kuti magazi aundane. Awa amakhala masiku 7 mpaka 10. Mbewu ikafa, mitundu yonse itatu imatsikira limodzi. N'chifukwa chake mwana wanu wayera, akutuluka kamfuno ndi timadontho, ndipo akhoza kudwaladwala. Kuchepa magazi kwa malungo, njoka za m'mimba kapena kusowa chakudya nthawi zambiri kumakhudza ofiira okha.

Magazi omuthirawo ndi obwereka. Amakalamba n'kufa, kumbuyo kulibe olowa m'malo. Komanso paindi ya maselo ofiira ilibe maplatelet amoyo, ndiye kamfuno sangaleke chifukwa cha iyo.

Za mapiritsi a ayironi, lankhulani ndi adokotala kuti ayime ngati kuyeza sikunasonyeze kuti ayironi wachepa. Kumwa ayironi pa nthendayi kuli ngati kuthira feteleza m'munda wosadzala. Choopsa n'chakuti paindi iliyonse imabwera kale ndi ayironi wokwana 200 mpaka 250 mg, ndipo thupi lilibe potulutsira. Amaunjikana m'chiwindi ndi mumtima. Chidede amwe ngati amachikonda, koma mtundu wake wofiira si magazi.

Chimapha mbewu n'chiyani? Mwa odwala 7 kapena 8 pa 10 aliwonse choyambitsa sichipezeka, koma chochitika mkati chikudziwika tsopano: gulu lina la asilikali a thupi, maselo a T, limasokonezeka n'kuyamba kupha mbewu ya mwini wake. Mwa ena zimatsatira mankhwala a chloramphenicol, mankhwala ena a khunyu monga carbamazepine ndi phenytoin, benzene yemwe amapezeka mu petulo, matenda a chikasu miyezi ingapo m'mbuyo, kapena mimba. Amene mumagulitsa petulo wa m'zigubu n'kumayamwa paipi ndi pakamwa, mumve pamenepa. Amene mukumwa mankhwala a khunyu musasiye panokha. Nthendayi si khansa, sipatsirana, ndipo si yachilendo kwa achipatala: Paul Ehrlich wa ku Germany adaifotokoza mu 1888. N'yosowa chabe, ku Ulaya imagwira anthu awiri pa miliyoni iliyonse pachaka.

Tikupempheni chinthu chimodzi ndi mtima wonse. Amene angakuuzeni kuti mwanayo atemedwe mphini zomutchinjiriza, akanizeni. Mphini imodzi mwa mwana wopanda maplatelet ndi asilikali ikhoza kukhetsa magazi usiku wonse n'kulowetsa matenda oopsa.

Achimwene anga awauza kuti awabowole fupa la m'chiuno. Akuluakulu kwathu akukana, akuti ndi zomwe zija zochotsa madzi a pamsana ndipo munthu amalumala. Kodi magazi a pamkono sakwanira? — Mphunzitsi wa ku Ekwendeni

Sakwanira, aphunzitsi. Magazi a pamkono amangonena kuti m'nkhokwe mulibe kanthu. Sanena ngati munda uli mbee kapena wadzala udzu. Khansa ya m'magazi imatsitsanso mitundu itatu ija, koma mafuta ake amakhala odzaza ndi maselo oipa, ndipo chithandizo chake n'china kotheratu.

Kuno kwathu zinthu zotsitsa mitundu itatu ndi zambiri, ndipo zambiri mwa izo n'zochizika mosavuta, ndiye adokotala amayamba ndi zimenezo. Amayeza HIV, amafunafuna TB yofalikira m'thupi, amafunsa za Bactrim ndi AZT, amaona ngati vitamini B12 kapena folate wachepa. Amagwiranso pamimba. Kapamba wotupa, monga amakhalira mwa anthu ena a kunyanja ku Karonga ndi Nkhata Bay chifukwa cha likodzo kapena malungo obwerezabwereza, amatsekera maselo mkati mwake. Pa aplastic anemia kapamba satupa ndipo mwanabere satuluka. Zimenezi zikapezeka, maganizo amapita kwina.

Kubowolako kumayenda chonchi. Munthu amagona chammbali, mawondo atapinda. Amapukuta pamwamba pa thako pamene fupa la m'chiuno limatumphuka, amabaya lignocaine pakhungu mpaka pa fupa penipeni, n'kudikira kuti pachite dzanzi. Singano ikalowa amakoka timadzi ta mafuta. Apa pamamveka kukoka kowawa kwa masekondi ochepa. Timadzito amatipaka pa timagalasi. Kenako amazungulitsa singano yabowo n'kutulutsa kachidutswa ka fupa kotalika masentimita 1.5 mpaka 2, konga kamtengo ka machesi, n'kukaika mu formalin. Amapsinja pabalapo mphindi 10, ndipo pasanyowe kwa tsiku limodzi. Zonse zimatenga mphindi 20 kapena 30. Akuluakuluwo muwauze kuti singano siyandikira mtsempha wa msana. Mtsemphawo umathera kumtunda, ndipo pobowolapo ndi pambali, pa fupa lina. Maplatelet ochepa saletsa kuyezaku.

Zimene zimalakwika n'zitatu. Choyamba, kutenga timadzi tokha osatenga kachidutswa: timadzi tikhoza kusakanikirana ndi magazi n'kuoneka topanda maselo pamene mafuta ali bwino. Chachiwiri, kachidutswa kakafupi kwambiri, makamaka mwa okalamba omwe pansi pa chikhokho cha fupa pamakhala mafuta okhaokha mwachibadwa. Chachitatu, ndipo ichi chimatidetsa nkhawa kwambiri, kupatsa mwana prednisolone asanabowole. Mankhwalawa amabisa khansa ya m'magazi ya ana kwa kanthawi, zotsatira n'kutuluka zabodza, pomwe paokha sachiza n'komwe aplastic anemia. Zotsatira zimatenga sabata kapena kupitirira chifukwa fupa liyenera kufewetsedwa lisanadulidwe, ndipo nthawi zambiri limapita kwa akatswiri ku Lilongwe kapena Blantyre.

Pepala la zotsatira muziliwerenga nanunso. Muyeso womwe Bruce Camitta ndi anzake adakhazikitsa m'ma 1970 ukugwirabe ntchito, ngakhale udasinthidwa pang'ono. Nthenda imatchedwa yoopsa ngati maselo m'mafuta ali ochepera 25 pa 100 ndipo ziwiri mwa zitatu izi zapezeka: maneutrophil ochepera 0.5, maplatelet ochepera 20, maselo ofiira ongobadwa kumene otchedwa reticulocyte ochepera 60. Maneutrophil akafika pansi pa 0.2 ndiye yoopsetsetsa. Poyerekeza, munthu wabwinobwino amakhala ndi maplatelet 150 mpaka 400. Maneutrophil a anthu akuda ambiri amakhala otsikirapo mwachibadwa, 1.5 kapena cha pomwepo, popanda vuto lililonse.

Chatsopano pa kuyeza n'chakuti tsopano makina a flow cytometry amatha kupeza kagulu ka maselo otchedwa PNH, omwe amapezeka mwa odwala pafupifupi theka. Akapezeka, amalozera kuti vuto ndi asilikali a thupi, osati chibadwa. Kuyeza makromozomu, timitolo tosunga chibadwa m'maselo, kumagwira nthenda ina yofanana nayo, MDS, makamaka kromozomu 7 ikasowa. Kuyeza kwina kotere kumachitikira kunja, koma woyenda ulendowo ndi kabotolo ka magazi, osati wodwala.

Mwana wanga ankafunika magazi. Ine bambo wake, gulu lathu la magazi n'limodzi, koma adandikaniza kupereka. Ndidapsa mtima. Chifukwa chiyani? — Bambo wa ku Karonga

Amene adakukanizaniyo, bambo, adamuchitira zabwino mwana wanu. Gulu la A, B kapena O ndi chizindikiro chimodzi chabe. Pali zizindikiro zina zotchedwa HLA ndi tina ting'onoting'ono zomwe mumagawana pabanja. Mwana akalandira magazi anu, thupi lake limaphunzira kudana ndi zizindikiro zanu. Mawa inu kapena m'bale wake mukafuna kumupatsa mafuta a m'mafupa, thupilo lidzawakana. Magazi a wachibale akhozanso kubwera ndi maselo a T amoyo omwe amaukira wolandirayo, ndipo zimenezi zimapha.

Magazi anu perekani ku Malawi Blood Transfusion Service, yomwe ili ndi nthambi ku Mzuzu, akathandize mwana wa wina, wanu alandire a mlendo. Itananinso a kumpingo ndi a kuntchito, makamaka nthawi ya tchuthi pamene ana asukulu, omwe ndiwo amapereka kwambiri, ali kumudzi. Maplatelet ndiwo ovuta: amasungika masiku 5 okha, pa kutentha kwa madigiri 20 mpaka 24, akugwedezedwa mosalekeza, ndipo sakhala mufiriji. N'chifukwa chake wodwala wotere amasungidwa pafupi ndi Mzuzu Central Hospital m'malo mobwerera kutali. Mwachizolowezi amathira maplatelet akatsika pansi pa 10, kapena pansi pa 20 thupi likatentha, ndipo ofiira amathira Hb, muyeso wa kuchuluka kwa magazi, ikafika cha pa 7. Kuthira mopitirira apo popanda chifukwa kumawonjezera ayironi ndi chidani chija. Ngati alipo magazi osefedwa maselo oyera, pemphani amenewo. Ferritin, muyeso wa ayironi wounjikana m'thupi, akapitirira 1,000, nkhani ya mankhwala ochotsa ayironi monga deferasirox imayamba.

Ndikuphunzira za unamwino kuno ku Mzuzu. Mabuku akale amati odwala ambiri amafa. Ndamva za mankhwala ochokera ku hatchi ndi piritsi latsopano. Zoona zake n'zotani, nanga kumene kulibe mankhwalawa tichite chiyani? — Wophunzira wa ku Katoto

Mabukuwo sankanama pa nthawi yawo; wodwala moopsa wongothiridwa magazi kawirikawiri sankapitirira chaka chimodzi kapena ziwiri. Lero, kumene chithandizo chilipo, ochuluka amakhala ndi moyo.

Poti opha mbewu ndi maselo a T, chithandizo n'kuwagonjetsa. Mankhwala ochokera ku hatchi aja, otchedwa ATG, amapangidwa pobaya hatchi kapena kalulu ndi maselo a T a munthu. Nyamayo imapanga zowapha, ndipo zimenezo amaziyeretsa n'kukhala mankhwala. Anthu ankaganiza kuti wa kalulu, poti ndi wamphamvu, ndiye wabwino. Kafukufuku wa ku National Institutes of Health ku America yemwe adatuluka mu 2011 adasonyeza zosiyana: patatha miyezi 6, magazi adakwera mwa 68 pa 100 a ATG wa hatchi, koma 37 okha a kalulu, ndipo patatha zaka 3 amoyo anali 96 pa 100 poyerekeza ndi 76. Ndiye poyamba chithandizo, wa hatchi ndiye wofunika.

Amaperekedwa 40 mg pa kilogalamu patsiku kwa masiku 4, m'diripu ya mumtsempha waukulu, pang'onopang'ono kwa maola ambiri, wodwala ali m'chipatala. Tsiku loyamba ambiri amanjenjemera, kutentha thupi ndi kutuluka zidzolo. Ochepa amabanika, choncho adrenaline akhale pafupi. ATG amadya maplatelet, ndiye musayambe musanatsimikize kuti maplatelet a masiku onsewo alipo. Pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 pakhoza kubwera kuphwanya m'malo olumikizira mafupa, zidzolo ndi kutentha, thupi likukana za hatchi. Prednisolone wa 1 mg pa kilogalamu kwa milungu iwiri amaperekedwa kaamba ka zimenezi basi.

Mnzake ndi cyclosporine, pafupifupi 5 mg pa kilogalamu patsiku, wogawa kawiri motalikirana maola 12. Amakweza BP, amalemetsa impso, amatupitsa nkhama, amameretsa ubweya ndi kunjenjemeretsa manja. Creatinine, woonetsa mmene impso zikugwirira ntchito, ndi BP ziziyezedwa pafupipafupi, ndipo kumene angathe amayeza mlingo wake m'magazi m'mawa wodwala asanamwe. Pano pali msampha wa kwathu kuno: rifampicin wa m'mankhwala a TB amatsitsa kwambiri cyclosporine mpaka kukhala ngati sakumwa, chimodzimodzi phenobarbitone ndi carbamazepine, pomwe fluconazole, erythromycin ndi ma ARV okhala ndi ritonavir amamukweza mpaka kuwononga impso. Amamwa chaka kapena kupitirira, n'kumachepetsa pang'onopang'ono. Kusiya mwadzidzidzi chifukwa mankhwala atha kapena munthu wapeza bwino kumabweza nthenda.

Piritsi mukunenalo ndi eltrombopag. Adalipanga kuti likweze maplatelet pa nthenda ina, kenako kudapezeka kuti limadzutsa mbewu yotsala ija. Mu 2012 lidathandiza odwala 11 mwa 25 omwe ATG adawalephera. Mu 2022 kafukufuku wa ku Ulaya wotchedwa RACE, wa odwala 197, adasonyeza kuti kuliphatikiza ndi ATG ndi cyclosporine kudakweza othandizika pa miyezi 6 kuchoka pa 41 kufika pa 68 pa 100. Mwa ana phindu lake silinaoneke bwino ngati mwa akulu. Wamkulu amamwa 150 mg kamodzi patsiku, nthawi zambiri kwa miyezi 6, chiwindi chikuyezedwa.

Kamwedwe kake ndiye pamene ambiri amataya ndalama. Eltrombopag amakakamira ku kashiamu, ayironi ndi maginiziyamu m'mimba n'kutuluka osalowa m'magazi. Amwe maola 2 asanadye, kapena maola 4 atadya, zinthu monga tiyi wamkaka, chambiko, usipa ndi bonya zomwe timadya ndi minga yomwe, phala lowonjezera michere, mankhwala a chilungulira, ngakhale dothi lomwe amayi ena amadya. Chophweka n'kumwa pogona, mgonero utadyedwa molawirira.

Mabanja muziwauziratu kuti magazi sakwera msanga: miyezi 3 mpaka 6, ndipo m'miyezi imeneyo kuthira magazi kumapitirira. Mwa othandizika, pafupifupi mmodzi pa atatu nthenda imabwerera, ndipo 10 mpaka 15 pa 100 amadzadwala MDS kapena khansa ya m'magazi m'zaka 10. Choncho sikelo yake ndi ya moyo wonse.

Kumene kulibe ATG wa hatchi, komwe ndi kochuluka mu Africa muno, manja sapindidwa. Kafukufuku wa SOAR adayesa eltrombopag ndi cyclosporine popanda ATG, ndipo 46 pa 100 adathandizika pofika miyezi 6. N'zocheperapo, koma ndi mapiritsi okhaokha. Palinso mankhwala akale a mahomoni achimuna, oxymetholone ndi danazol, omwe amathandiza ena, makamaka odwala pang'ono. Amawononga chiwindi, ndipo mtsikana akhoza kumera ndevu ndi kusintha mawu, zomwe ayenera kuuzidwa asanayambe. Chimene ife timakana ndi prednisolone wa miyezi ndi miyezi "poyesera". Samakweza magazi, amangotsegulira khomo matenda a fangasi ndi kuwononga fupa la ntchafu.

Mwana wanga wa zaka 7 ndi wamfupi kuposa anzake, chala chake chachikulu cha kudzanja n'chaching'ono chopindika, ndipo ali ndi mawanga pakhungu. Magazi ayamba kuchepa. Mkulu wake adamwalira ndi kutha magazi. Akuchimuna akuti nthendayi ndi ya kwathu. — Mayi wa ku Mchengautuwa

Mayi, pepani chifukwa cha maliro aja. Zimene mwalembazi muwauze adokotala momwemo, ndipo mutchule dzina ili: Fanconi anemia. Ndi nthenda yobadwa nayo yomwe dokotala wa ana wa ku Switzerland, Guido Fanconi, adaifotokoza mu 1927. Maselo amalephera kukonza DNA yawo ikaduka, ndipo mafuta a m'mafupa amafooka pang'onopang'ono, kawirikawiri mwana asanakwane zaka 10. Msinkhu waufupi, chala chachikulu chopunduka kapena chosowa, mawanga ndi impso zosaumbika bwino ndizo zizindikiro, ngakhale ena alibe chilichonse chooneka. Kafukufuku yemwe adatuluka mu 2005 adapeza kuti odwala akuda ambiri a ku South Africa, Swaziland (lero Eswatini), Mozambique ndi Malawi ali ndi chilema chimodzimodzi pa jini, kachidutswa ka chibadwa kochokera kwa makolo, yotchedwa FANCG. Ndiye nthendayi ilipo pakati pathu.

Akuchimunawo amve bwino: pafupifupi nthawi zonse mwana amadwala chifukwa cholandira jini yolakwika kuchokera kwa bambo ndi kwa mayi, onse awiri, ndipo onsewo amakhala athanzi. Pa mimba iliyonse, mpata woti mwana adwale ndi umodzi pa inayi. Palibe mtundu wolakwa apa.

Kuyeza kwake amatenga magazi, n'kuwathira mankhwala a DEB kapena mitomycin C, n'kuwerenga makromozomu oduka. Kuyezaku n'kofunika kwa mwana aliyense ndi wachinyamata aliyense wa aplastic anemia chithandizo chisanayambe, chifukwa ATG sathandiza pa Fanconi, ndipo mankhwala okonzekera kuika mafuta atsopano akaperekedwa pa mlingo wa nthawi zonse akhoza kumupha. Amafunika mlingo wochepa kwambiri. M'bale wofuna kupereka mafuta ayezedwenso. Mahomoni achimuna aja amakweza magazi mwa ambiri a Fanconi kwa zaka zingapo. Akamakula aziyezedwa m'kamwa chaka chilichonse ndipo asayandikire fodya ndi kachasu, chifukwa khansa ya m'kamwa ndi kummero imawapeza msanga. Palinso nthenda ina yobadwa nayo yomwe imaonekera pa zikhadabo zophwanyika, zoyera pa lilime ndi imvi zaubwana. Imeneyo amayeza kutalika kwa nsonga za makromozomu zotchedwa telomere.

Mchemwali wanga wa zaka 22 akuti mankhwala ake enieni ndi kumuika mafuta a m'mafupa a munthu wina. Tilipo abale 9 kuphatikiza ana a amalume. Ndani angapereke, ndipo woperekayo salumala? — Mnyamata wa ku Chiputula

Achimwene, pa nkhaniyi "m'bale" ndi wa bere limodzi ndi bambo mmodzi. Aliyense wotere ali ndi mpata umodzi pa inayi wofanana HLA yonse ndi mchemwali wanu. Kuyeza kwake ndi magazi pang'ono kapena kathonje kopukutira m'tsaya, ndipo kuchitike msanga nthenda ikangotsimikizika, asanathiridwe mapaindi ambiri. Kwa wodwala moopsa wosapitirira zaka 40 yemwe ali ndi m'bale wofanana naye, kuika mafuta ndiko chithandizo choyamba. Mwa ana, pafupifupi 9 pa 10 amachira.

Woperekayo amagonekedwa tulo, amakoka mafuta kumbuyo kwa chiuno ndi masingano, osapitirira 20 ml pa kilogalamu ya thupi lake. Chiuno chimawawa masiku angapo, ndipo mafuta amabwerera m'milungu 4 mpaka 6. Salumala, ndipo kubereka sikusokonezeka. Wodwala amalandira kaye mankhwala ogonetsa asilikali ake, kenako mafutawo amalowa m'diripu ngati magazi wamba n'kukadzipezera okha malo m'mafupa. Pa milungu iwiri mpaka inayi amayamba kubala. Zoopsa zake ndi matenda m'milungu yopanda asilikaliyo, thupi kukana mafuta, kapena asilikali a woperekayo kuukira khungu, matumbo ndi chiwindi cha wolandira. Pa nthendayi mafuta enieni ndi abwino kuposa mbewu yosefa m'magazi a pamkono, chifukwa kuukirako kumachepa.

Kale wopanda m'bale wofanana naye ankadalira kaundula wa opereka, monga South African Bone Marrow Registry yomwe idayamba mu 1991, koma akuda m'makaundula ndi ochepa ndipo HLA yathu ndi yamitundumitundu kuposa ya anthu ena onse. Njira ya ku Johns Hopkins ku Baltimore ndiyo yatsegula chitseko. Kholo, mwana, kapena m'bale wofanana theka lokha akhoza kupereka, kenako pa tsiku la 3 ndi la 4 wodwala amalandira cyclophosphamide wa 50 mg pa kilogalamu. Pa masiku amenewo asilikali oukira aja akuchulukana mofulumira, ndiye mankhwala amapha iwowo n'kusiya mbewu. Pa kafukufuku wa ku America wa 2022, odwala 8 pa 10 omwe mankhwala adawalephera anali moyo patatha chaka. Apa ngakhale ana ena a amalume akhoza kupezeka ofanana theka. Kwa ife a ku Africa, palibe chatsopano choposa ichi.

Ntchitoyi m'Malawi muno siinayambe. Odwala amapita ku India kapena South Africa. Ku Tanzania, chipatala cha Benjamin Mkapa ku Dodoma chidayamba mu 2023 kuika mafuta mwa ana a sickle cell. Kalata yopempha kutumizidwa kunja kudzera ku Unduna wa Zaumoyo imalembedwa ndi dokotala wa chipatala chachikulu, ndipo imayenda bwino ikakhala ndi zotsatira za kachidutswa ka fupa, chiwerengero cha mapaindi onse, ndi HLA ngati yayezedwa. Konzekeraninso gadiyani wokakhala naye miyezi itatu kapena kuposerapo, ndi ndalama za mankhwala a chaka chonse akabwerako.

Amuna anga atuluka m'chipatala, akumwa cyclosporine. Usiku thupi likatentha ndiwapatse Panado tidikire kuche? — Mayi wa ku Luwinga

Ayi mayi, musadikire. Gulani thermometer. Ikawerenga 38, kapena akamanjenjemera ngakhale isanafike, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi 2 koloko usiku. Munthu wopanda maneutrophil sapanga mafinya ndipo satupa. Kawirikawiri kutentha ndiko chizindikiro chokha, ndipo mabakiteriya akhoza kumugwetsa m'maola ochepa. Afunika maantibayotiki a mumtsempha ola lisanathe chifikireni. Malungo akapezeka, achizidwe, koma maantibayotiki asalekedwe chifukwa cha zimenezo. Panado amabisa kutentha, choncho yezani kaye musanapereke. Aspirin, Brufen, diclofenac ndi Indocid zichoke m'nyumba. Zimafooketsa maplatelet otsalawo, zimakanda m'mimba, ndipo pamodzi ndi cyclosporine zimawononga impso.

Kamfuno akayamba, akhale tsonga, aweramire kutsogolo, atsine pofewa pa mphuno mphindi 15 osasiya kuti aone. Akapanda kuleka, kuchipatala. Mutu waukulu wadzidzidzi, kusanza, kuona zachimbuuzi, chimbudzi chakuda bii, kapena matuza a magazi m'kamwa, zimenezonso n'zothamanga nazo. Mswachi ukhale wofewa, mano asatokosedwe ndi kamtengo, ndevu azidula ndi sizasi. Pa kabaza wa njinga yamoto avale chipewa, ndipo ngati galimoto ilipo ndi bwino kukwera imeneyo. Amayi odwala nthendayi apemphe mapiritsi oimitsa msambo monga norethisterone m'malo mwa jakisoni wa pamnofu.

Chakudya chikhale chakupsa ndi chotentha. Mkute autenthetse mpaka utuluke nthunzi, saladi wa pachiwaya asiye, madzi akhale owiritsa kapena othira klorini, zipatso zikhale zosenda. Fumbi la kuchigayo, madeya, chimanga ndi mtedza wa chuku, khola la nkhuku, ndi khoma lonyowa lomera nkhungu m'nyengo ya mvula ya Mzuzu muno, zonsezi zili ndi fangasi wotchedwa Aspergillus yemwe amalowa m'mapapo. Ntchito zimenezo agwire wina. Azigona m'neti, ndipo wa chifuwa awaonere patali.

Tengani buku lawo la kuchipatala, mupemphe adokotala alembe pa tsamba loyamba ndi zilembo zazikulu: dzina la nthenda, gulu la magazi, mlingo wa cyclosporine, maneutrophil ndi maplatelet omaliza ndi tsiku lake, kenako mawu awa: asabayidwe pamnofu, asalandire magazi a wachibale, asapatsidwe mankhwala a TB kapena fluconazole osauza amene akuwaona. Bukulo lizikhala m'chikwama chimodzi ndi thermometer, tochi ndi ndalama ya galimoto ya usiku, pafupi ndi chitseko.